Akuti, Womasulira Akazitape

Mukamuona lero atakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, chipewa chili pabondo, mlomo wapansi uli lende ngati thumba la jekete yakale, simungakhulupirire kuti pakamwa pamenepo pankadzaza holo. Anthu amamutcha Akuti. Dzina lake lenileni ngakhale mkazi wake ayenera kuyang'ana kaye kudenga kuti alikumbuke.

Sukulu anaisiya pomwe anzake amayambira kuimva kukoma. Anaitanirako mabasi, kenako anagulitsako mankhwala a makoswe pamsika, ndipo ankawatamanda mokoma mwakuti amayi ena ankagula ngakhale kwawo kulibe khoswe. Ndi pamenepo pomwe mwini holo ya kanema anamumva, n'kumufunsa ngati amamva zinenero zakunja. Akuti anayankha kuti amamva zonse, kupatula za mbalame. Mawa lake anayamba ntchito.

Holoyo kale inali mosungira matumba a simenti. Mazenera anawakhomera malata, mabenchi anali ndi nsikidzi zodziwa kulandira alendo, ndipo chinsalu chinali ndi chigamba pakati, moti munthu aliyense wa mu filimu ankaoneka ngati anatemedwapo patsaya. Kanema ankaonetsa masana, chifukwa masiku amenewo dzuwa likapendeka aliyense ankafuna akhale ali m'nyumba mwake. M'misewu munkayenda galimoto zopanda nambala. Munthu ankapita kukagula sopo, sopoyo n'kufika kunyumba ndi mnansi, mwini wake osafika. Ofunsa ankauzidwa kuti wapita kukacheza. Wailesi inkati dziko lazingidwa ndi adani ochita chiwembu, ndipo aliyense ankakhulupirira kuti wokhala naye pabenchi ali ndi khutu lachitatu lobisika m'malaya.

Mwini holo ankakonda zotsika mtengo, ndiye ankagula mafilimu a dziko lina lozizira, opanda mawu olembedwa m'munsi. Munali akazitape okhaokha: amuna a makhoti aatali osaseka, opatsana zikwama pamlatho, oimba telefoni osanena moni, osuzumira pakatani ngati ali ndi ngongole ya lendi. Anthu ankawakonda kwabasi. Kunja munthu ankaopa yekha ali chete, koma muholo ankaopa pamodzi, n'kumaseka.

Akuti ankaima pabokosi pambali pa chinsalu, atagwira chitoliro cha lata. Wamakina ankatsitsa mawu a filimu, iye n'kumamasulira, chiganizo chilichonse kuyamba ndi "akuti". Tsono mawu a chinenerocho amene ankawadziwa anali ochuluka ngati tsitsi la padzira. Ankangoyang'ana nsidze, manja ndi nsapato za anthuwo, zotsalazo n'kumatola m'mutu mwake. Munthu akakwinya nkhope, ndiye kuti mkazi wamuthawa. Akayatsa ndudu pang'onopang'ono, ndiye kuti wina afa. Filimu imodzi inkatha kukhala nkhani ina Lachiwiri, ina Loweruka, ndipo anthu ankabweranso kudzamva ngati kazitape uja wasintha maganizo.

M'tauni monse munali munthu mmodzi yekha wodziwa chinsinsi chake: alamu ake, achimwene a mkazi wake. Anali mphunzitsi wa masamu, woonda, wa magalasi omanga ndi ulusi. Ali mnyamata anatumizidwa kukaphunzira kudziko lozizira lomwelo, nthawi imene maboma awiriwa ankamwera kapu imodzi. Anabwerako ndi chifuwa, chipewa chaubweya chosavalika kuno, ndi chinenero chopanda woyankhula naye. Maboma aja atadana, Aphunzitsi anabisa chipewacho pansi pa sutikesi, za ulendowo osazitchulanso. Koma Loweruka sankalephera kulowa muholo ulere, kukhala pafupi ndi sipika, kutchera khutu ku timawu totsalira tija. Lamulungu ankabwera kunyumba kwa mlongo wawo kudzamwa tiyi ndi kudzazunza mlamu.

"Alamu, munthu wadzulo uja amafunsa njira ya kupositi. Inu mwamuphetsa apongozi ake."

"Nanga njira ya kupositi munthu angagulire tikiti, alamu? Positi akuidziwa kale."

"Nanga mayi uja? Amati nsapato yamuthina. Inu mwati ali ndi pakati pa kazembe."

"Anayenda ngati wapakati."

Mkazi wa Akuti ankaseka uku akupukuta makapu. "Asiyeni, achimwene. Bodza lawolo ndi limene lagula shuga mukuthirayo."

Aphunzitsi ankathira supuni ina, n'kunena kuti shuga wabodza amatsekemera kuposa wa malipiro a boma.

Ndiye kunabwera filimu ina m'chitini chophwanyika pakamwa. Pakati pake panali malo odyera a hotela. Amuna awiri a makhoti akhala patebulo, akunong'onezana. Patebulo lina pali chimdala chonenepa, mamendulo mbwee pachifuwa, akuchibweretsera tiyi. Tsiku limenelo kunatentha, anthu anayamba kuwodzera, ndipo Akuti sankapirira kuona mutu ukugwa iye ali pabokosi. Anakweza chitoliro, mawu n'kuwatsitsa.

"Akuti, womulondera alawe tiyiyo, palibe kanthu. Akuti, mankhwala tathira mu shuga."

Mitu yonse inadzuka. Chimdala chija chinatapa shuga, n'kutapanso, n'kutapanso. Koma anthu opanga mafilimu sadziwa kuthandiza mnzawo: chimdalacho chinamwa tiyi yense, chinadzuka n'kuyamba kuvina ndi mkazi wa diresi yoyera. Akuti sanagwedezeke.

"Akuti, amagwira mochedwa. Akafera kunyumba."

Anthu anaseka mpaka nsikidzi zinasowa pogwira.

Sabata isanathe, mkulu wa chigawo anamwalira. Anali munthu wonenepa, wodziwika kuti tiyi wake supuni imaima yokha. Anapita kumsonkhano wa akuluakulu anzake, anabwerako akuseka, anakafera kunyumba. Wailesi inati ndi mtima, n'kuika nyimbo zachisoni. Pamsika palibe anatsutsa. Kungoti mayi akanyamula paketi ya shuga, ankayang'ana mnzake m'maso, mnzakeyo n'kuyang'ana pansi. M'malo omwera tiyi amuna akuluakulu anayamba kumwa wowawa, akuti adokotala awaletsa, onse tsiku limodzi.

Akuti akamadutsa, anthu ankamupatsa moni wa ulemu watsopano, ataima patali pang'ono. Wometa tsitsi anamunong'oneza lumo lili pakhosi, "Inu munadziwa bwanji?" Apa munthu wanzeru akanalumbira kuti sadziwa kanthu. Koma Akuti ulemu unamukoma. Anatsinzinira diso limodzi pagalasi n'kunena kuti, "Ife timangomasulira."

Pabenchi yomaliza ya holo pankakhala bambo wina wa jekete yotuwa, yemwe sankaivula ngakhale kutenthe bwanji. Sankaseka, sankawodzera, ankangomung'unya maswiti. Anthu ankamutcha Wajekete, koma osati iye akumva. M'mawa wina, Akuti akupukuta nsapato pakhomo, anaona nsapato zina zopukuta kale zitaima patsogolo pake.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Tiyeni tikacheze pang'ono."

Pamsewu panali galimoto yopanda nambala, injini ikulira. Mkazi wa Akuti anatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi juzi yaubweya yobiriwira, n'kumuika mwamuna wake paphewa, dzuwa likuswa mutu. Masiku amenewo mkazi aliyense ankadziwa kuti wopita kukacheza amapatsidwa juzi, chifukwa kumeneko pansi ndi simenti.

Ofesiyo inali pamwamba, kukwera masitepe kuseri kwa nyumba yopanda chikwangwani. Munali tebulo, mipando iwiri, fani yosazungulira, ndi thireyi ya tiyi. Wajekete anathira m'makapu mwaulemu ngati mpongozi, n'kukankhira mbale ya shuga kwa mlendo.

"Thirani."

"Sindithira, bwana."

"Chiyambire liti?"

Akuti anathira.

"Ine ndimakukondani, achimwene," anatero Wajekete. "Sindiphonya filimu yanu. Paja musanayambe zomasulirazi munkagulitsa chiyani pamsika?"

"Timankhwala, bwana."

"Ta chiyani?"

"Ta makoswe."

"Ta makoswe." Wajekete anagwedeza mutu ngati wamva nkhani yosangalatsa. "Tsono tithandizane. Wailesi yanena kuti bwana wathu anafa ndi mtima. Tauni ikunena zina, ndipo zinazo zinayambira pa chitoliro chanu, iwo akadali moyo. Nkhani yake ndi yaifupi. Ngati mawu aja ali mu filimu, wolakwa ndi filimu. Tiitenga, inu muzipita kwanu. Ngati mulibe, ndiye kuti anachokera m'mutu mwanu, ndipo tifuna tidziwe amene anawaikamo."

Akuti anali atakwera masitepe aja ndi choonadi chili kale pamlomo: bwana, ine chinenerocho sindimva ngakhale moni, ndimangopeka. Ankaganiza kuti choonadicho chimuchotsa ntchito, koma chimubweza kunyumba. Tsopano anachimeza msanga ngati fupa. Kunena kuti amapeka kunali kunena kuti za shuga zinachokera mwa iye. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, bodza ndi limene linali khomo lotulukira.

"Ali mu filimu, bwana. Mawu ndi mawu."

"Ndinadziwa. Vuto ndi lakuti kuno tilibe womva chinenerocho. Amene ankachimva anapita kutali." Anavundukula switi. "Ndiye mukhala nafe mpaka tipeze wotsimikiza. Ife sitifulumira. Juzi mwabwera nayo, ndaona."

Pansi pa nyumbayo chitseko chachitsulo chinalira. Kenako kunamveka munthu akutsokomola, chifuwa cha munthu amene wakhala pa simenti nthawi yaitali, ndi madzi akukhuthulidwa mu ndowa. Ndipo pakamwa pa Akuti, pomwe chibadwire sipanadikirepo mutu, panatseguka pokha.

"Alamu anga amachimva."

Wajekete anasiya kumung'unya.

"Alamu anu ati?"

Aphunzitsi anakawatenga m'kalasi, choko chili pamkono wa malaya, n'kupita nawo kuholo. Holo m'mawa inkanunkha thukuta ladzulo, mabenchi ali mbee opanda anthu. Wamakina anaika filimu ija, ndipo anauzidwa kuti akweze mawu mpaka kumapeto. Chinenero chija chinadzaza holo yonse, cholemera, chokhala ngati anthu akutafuna miyala, ndipo Akuti, amene anachimasulira zaka zonsezo, anachimva bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Anaima pafupi ndi bokosi lake, osalikwera. Aphunzitsi anamuyang'ana kamodzi kokha: anayang'ana nkhope, anayang'ana juzi paphewa, n'kukhala pabenchi.

Hotela ija inafika. Amuna a makhoti ananong'onezana. Chimdala chinatapa shuga. Wajekete anakweza dzanja, makina anaima.

"Aphunzitsi, akuti chiyani anthuwa?"

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta ndi kumapeto kwa tayi, n'kukonza ulusi uja.

"Tabwerezani. Akulankhula motsitsa."

Wamakina anabweza. Ananong'onezananso. Akuti ankangoyang'ana kumbuyo kwa khosi la alamu ake, khosi lowonda ngati la nkhuku yonyowa, lomwe Lamulungu lililonse linkagwedezeka ndi kuseka mabodza ake. Ankadziwa kuti amunawo mwina akukambirana za nsapato yothina. Ankadziwanso kuti alamu ake ndi munthu amene mwana akalemba yankho lolakwika sankamupatsa ngakhale theka.

"Atero ndithu," anatero Aphunzitsi. "Mankhwala ali mu shuga, ndipo amagwira mochedwa. Alamu anga amasulira bwino. Akanakhala mayeso, ndikanawachongera."

Wajekete anamwetulira, ndipo mano ake anali abwino kwa munthu wodya maswiti chotero. Anagwira Akuti chanza ndi manja awiri.

"Mwaona, achimwene? Nkhani yatha. Pitani, mayi akudikira." Anauza wamakina kuti aike filimuyo m'chitini, apite nayo kugalimoto. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono. "Koma Aphunzitsi, mwandidabwitsa. Anthu akunong'ona chonchija, inu kumva zonse. Munachiphunzira kuti?"

"Kalekale, bwana. Boma ndi limene linanditumiza."

"Boma lake liti? Ndipo Loweruka lililonse ndimakuonani pafupi ndi sipika. Ena onse amamvera alamu anuwa, inu mumamvera azungu a makhotiwo. Amakuuzani chiyani?" Anawagwira pachigongono mofatsa, ngati wothandiza nkhalamba kuwoloka msewu. "Tiyeni tikacheze pang'ono."

Aphunzitsi anaimirira osatsutsa, ngati munthu amene samu anaiona kale pomwe ikathere. Anapisa m'thumba, anatulutsa kachidutswa ka choko n'kupatsa Akuti.

"Mukapereke kusukulu, alamu. N'cha boma, angadzati ndaba."

Akuti anafuna kunena kanthu. Munthu amene ankapezera mawu anthu osawadziwa a kutsidya kwa nyanja, apa anasowa ngakhale amodzi. Anangochotsa juzi paphewa pake n'kuiika paphewa la alamu ake. Inawakulira.

Anabwerera kunyumba wapansi, dzuwa lili paliwombo. Mkazi wake anali pakhomo pomwe anamusiya, zovala zili m'beseni osazichapa. Atamuona anathamanga pang'ono, kenako anaima. Anayang'ana paphewa.

"Juzi ili kuti, bambo?"

Akuti anatambasula dzanja. Munali choko.

Mayiyo sanalire pamsewu, chifukwa kulirira wopita kukacheza kunali kunena kuti boma lalakwa. Analowa m'nyumba, anatseka chitseko, n'kukweza wailesi.

Anayenda m'maofesi onse amene anali ndi chitseko. Kwina ankamuuza kuti munthu wotero sakumudziwa, kwina kuti abwere mawa, kwina ankamufunsa dzina lake iyeyo ndi kumene amakhala, mpaka anasiya. Kusukulu kunabwera mphunzitsi wina wa masamu, ndipo ana anauzidwa kuti wakale uja anasamutsidwa. Sutikesi ya chipewa chaubweya anthu ena anadzaitenga masana, anansi onse ali kalikiliki kusesa mabwalo osesedwa kale.

Mwini holo anafuna kutseka, koma Wajekete anamuuza kuti anthu asamanidwe chisangalalo. Ndiye Akuti anakweranso pabokosi, Wajekete ali pabenchi yomaliza ndi maswiti ake. Amuna a makhoti anapitiriza kupatsana zikwama pamlatho, koma tsopano nkhani zawo zinatha.

"Akuti, moni. Akuti, kukuzizira lero. Akuti, eya, kukuzizira."

Munthu akuwomberedwa pachinsalu, magazi ali chuu, Akuti n'kumati, "Akuti, ndatopa, ndigone kaye." Poyamba anthu ankaseka, poganiza kuti ndi nthabwala yatsopano. Kenako anayamba kumugenda ndi makoko a zipatso. Kenako anamvetsa, ndipo anasiya kubwera. Muholomo lero amagulitsamo matayala.

Nthawi inasintha, monga imasinthira. Galimoto zinapatsidwa manambala, zitseko zachitsulo zinatsegulidwa, ndipo kunatuluka anthu otuwa, oyenda mogwira makoma, ena akazi awo atakwatiwa kale. Akuti ndi mkazi wake anakaima pachipata ndi anthu ena onse mpaka womaliza anatuluka. Wa juzi yobiriwira panalibe.

Anyamata a masiku ano oonetsa mavidiyo m'timashedi anamva mbiri yake, anabwera kudzamupempha kuti awaphunzitse luso. Anawauza kuti mano anatha, mawu amatuluka ndi mphepo. Amangokhala pakhonde la sitolo ya zitsulo paja, kuthandiza mwini wake kuyang'anira njinga za ogula. Galimoto ikachepetsa liwiro pafupi, amavala chipewa, ngati wokonzeka kunyamuka. Wajekete nayenso alipo, musaganize kuti anthu otere amasungunuka. Anakalamba bwino, amalandira penshoni, amayenda ndi ndodo yokongola, ndipo jekete ndi yomwe ija. Akamadutsa pasitolopo amaima, amapisa m'thumba, n'kuika switi pabondo la Akuti.

"Achimwene, tinasowana. Tidzachezenso tsiku lina."

Akuti amathokoza ndi manja awiri. Switiyo amaipatsa nyerere.

Mkazi wake sanamuthawe, sanamutukwane, sanamufunsepo kuti dzina la achimwene ake linafika bwanji pamwamba pa masitepe aja. Amamuchapira, amamuphikira, ndipo Lamulungu amatulutsa makapu monga kale. Choko chija chili m'kabati, mu kapu imene sagwiritsa ntchito. Kamodzi kokha, tsitsi la onse awiri litayera, mayiyo anathira tiyi, anakhala pansi, n'kufunsa mofatsa ngati akufunsa za mvula.

"Bambo, anthu aja patebulo la muhotela, kwenikweni ankanena chiyani?"

Akuti anayang'ana khoma ngati pali chinsalu. Anawaona bwinobwino, makhoti awo, nsidze zawo, milomo ikuyenda. Anakweza dzanja pang'ono, pomwe pankakhala chitoliro.

"Akuti..."

Mkazi wake anadikira. Tiyi anasiya kufuka. M'tauni monse munali munthu mmodzi yekha amene anamva zimene amuna aja ananena, ndipo anapita nazo atavala juzi ya mwini wake. Mayiyo anakankhira mbale ya shuga kwa mwamuna wake, n'kudzuka kukaanula zovala.